Magolo onyamula akufuna kugwa chafufumimba, timange bwanji?

Wowotcherera wa pa Nchalo:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Komiti ya sukulu ina kuno yandipatsa ntchito ya magolo awiri a mpira wa miyendo onyamula, sakufuna okwirira ndi simenti chifukwa galaundi yawo imagwiranso ntchito zina, misonkhano, netiboli, komanso madzi akasefukira anthu amamanga matenti pomwepo ngati nthawi ya Freddy mu 2023. Limodzi ndalumikiza kale ndi paipi ya 3 inchi, saizi ya akuluakulu ija 7.32 mita mulifupi ndi 2.44 mita kukwera, miyendo ya kumbuyo ndaika ya mita imodzi. Koma ndikalikankha ndi dzanja limodzi kuchokera kumbuyo likudzuka kufuna kugwera kutsogolo. Chinthu chotere sindingapereke kwa ana ayi. Amene munapangapo ndigaireni nzeru, ndalama ya zipangizo ndi yoperewera.

Mmisiri wa ku Bangula:
Achimwene vuto lili poyera, kulemera konse mwakuika kutsogolo komanso pamwamba. Paipi yopingasa ya mamita 7 ija ili mmwamba, mapolo awiri ali kutsogolo, kumbuyo kuli chani chogwira? Mita imodzi ndi yochepa kwambiri pa golo lalikulu, ine ndimafikitsa 2 mita ndipo miyendo iwiriyo ndimailumikiza ndi paipi ina yogona pansi kumbuyo, imeneyo ndiye ikhale yolemera kuposa zonse. Ya pamwamba sankhani yopyapyala khoma, bola isapindike pakati. Ndiye muike zitsulo zopendeka kuchokera pa kona ya pamwamba kutsika mpaka kumbuyo, golo mukaliona chammbali lizioneka la makona atatu. Ena amathira mchenga wouma mu paipi ya kumbuyo ija nkutseka mbali zonse, zimathandiza ndithu kungoti ponyamula mufunika anyamata ambiri.

Mphunzitsi wa masewera, Ngabu:
Bambo a ku Bangula anena zoona koma ndiwonjezere ngati munthu amene ndimakhala ndi anawo tsiku lililonse. Ngakhale mutalipanga bwino chotani, golo lonyamula liyenera kumangidwa pansi, malamulo a mpira amene bungwe la mpira la FAM limatsatira amanena choncho pa lamulo loyamba la bwalo, kuti golo lonyamula limaloledwa pokhapokha lagwiritsidwa pansi molimba. Ndipo ngozi yeniyeni sikhala pa nthawi ya gemu pomwe refa ndi aphunzitsi tilipo. Ndi pa buleki, kapena madzulo tikaweruka, ana a sitandade 3 akalumphira paipi ya pamwamba atatu anayi nkumalendewera, wina akukwera neti ngati makwerero. Likatembenuka paipi imeneyo imafikira pamutu kapena pachifuwa, mwana wa zaka 8 sangadzuke pamenepo. Kuno kwathu kuli ng'ombe zambiri, zimabwera kudzadya msipu pa galaundi nkumadzikanda pa mapolo, mmawa timapeza golo lasuntha. Osaiwalanso kamvuluvulu wa mu Okotobala.

Wowotcherera wa pa Dyeratu:
Ine ndimangopinda Y16, chitsulo chija cha mu konkire chonenepa 16 milimita, ngati mbedza kukhala zikhomo zogwiritsa golo pansi, kutalika 60 sentimita, ziwiri mwendo uliwonse ndi zitatu pa paipi ya kumbuyo. Pokhoma musaimike chilili, zipendeke, china uku china uku, kuti golo likafuna kudzuka zizikanirana. Zotchipa komanso zachangu.

Kochi wa timu ya achinyamata, Makhanga:
A Dyeratu zikhomo zanuzo zimagwira pa dothi lanu lolimba, bwerani nazo kuno mudzaone. Pa mchenga wa mmbali mwa Shire ndi Ruo chikhomo mwana amachizula ndi manja. Pa makande ndiye zina, chilimwe nthaka imang'ambika ming'alu yolowa dzanja lonse chikhomo nkumangogwedera mmenemo, mvula ikagwa mu Januwale ndi phala lokhalokha chimatuluka chokha. Ndiye musanasankhe chomangira pitani kaye mukaone dothi la pa galaundipo, musangomva za pa foni.

Wowotcherera wa pa Nchalo:
Ndi makande enieni akulu, ndinapitako. Nanga matumba a mchenga a 50 kilo ndikasanjika pa paipi ya kumbuyo?

Kochi wa timu ya achinyamata, Makhanga:
Matumba amagwira koma dzuwa la kuno simukulidziwa? Thumba la feteleza likakhala panja limafumbutuka msanga, kungoligwira limang'ambika mchenga wonse pansi, ndipo labwinobwino anthu amakhuthula nkutenga thumbalo. Ife timagwiritsa matayala akutha a galimoto, kuthira konkire mkati, nkusiya chogwirira cha chitsulo pakati. Pobweretsa mumangogubuduza, mukafika kuligoneka pa paipi ya kumbuyo nkumanga ndi tcheni. Osaika mmbali mwa mapolo kutsogolo, goloboyi angadziwombetse.

Mmisiri wa ku Bangula:
Za matayala ndazikonda. Koma ngati magolowo azibwerera malo amodzimodzi gemu iliyonse, njira yolimba kuposa zonse ndi iyi, kumbani maenje awiri kapena atatu pomwe pamagona paipi ya kumbuyo, akuya ndithu kupitirira pomwe ming'alu imafika, thirani konkire ndi ring'i ya chitsulo. Ring'iyo ikhale munsi pang'ono mwa leveli ya nthaka ndi kachivindikiro pamwamba, ana ambiri amasewera opanda nsapato, chitsulo chotulukira chingadule chala. Golo likabwera mumangokoleka tcheni chachifupi chokoka bwino ndi loko, likachoka galaundi ili see, matenti amangidwa bwinobwino. Simenti yake si yambiri, auzeni a komiti kuti imeneyo si ya kukambirana.

Wowotcherera wa pa Dyeratu:
Chabwino pa makande ndagonja. Koma ndinene za dzimbiri, chifukwa golo lina silitembenuka, limathyoka pa joini. Madzi a kuno ambiri ndi amchere, ndipo paipi ikakhala mmadzi osefukira imadyeka kuyambira mkati kunja penti ikuoneka bwinobwino. Tsekani kumwamba konse madzi asalowe, pansi boolani timabowo ting'onoting'ono totulutsira madzi pa mapolo ndi miyendo, joini muwotcherere kuzungulira yonse osati kungodonthezera, mupale ndi galainda, penti ya red oxide yoteteza dzimbiri kaye kenako penti yoyera. Sizoni ikamayamba wina azigogoda ndi hamala mmunsi mwa mapolo, pomwe padyeka pamamveka.

Mphunzitsi wa masewera, Ngabu:
Chonde bambo musawotcherere timbedza kapena misomali yokolekera neti. Mwana akalumpha kuti akoleke neti mbedza imakola chala kapena chikhatho, thupi lonse likutsika. Neti timange ndi chingwe mozunguliza paipi basi. Ndipo pomaliza gemu neti ichoke ipite ku ofesi, magolo awiriwo anyamulidwe ayang'anizane pakamwa ndi pakamwa nkumangidwa pamodzi ndi tcheni ndi loko, kapena amangiriridwe ku mtengo waukulu. Akatero sangagwe ndipo ogula zitsulo zakutha sangawaone ngati ndalama. Kiyi akhale ndi munthu mmodzi wodziwika. Ponyamula akhale akuluakulu kapena anyamata a sitandade 8 mphunzitsi ali pomwepo, kukoka pansi kumamasula ma joini.

Wowotcherera wa pa Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndidula miyendo ija ndiike ya 2 mita, paipi yolemera kumbuyo, zopendeka mmbali, ma ring'i atatu mu konkire golo lililonse, matayala ndiwauza akhale nawo a tsiku lomwe asunthira golo pakati pa galaundi pa mpira wa ana. Funso lomaliza, ndiyese bwanji ndisanapereke, ndilendewere ndekha?

Mmisiri wa ku Bangula:
Ayi musalendewere akulu, likabwera libwera ndi inu. Dikirani konkire iume kaye masiku 7 mukuithirira madzi, ndiye mangani chingwe chachitali pakati pa paipi ya pamwamba, muime patali kutsogolo pomwe silingakufikeni likagwa, mukoke amuna awiri mwamphamvu. Wina aime chammbali aziyang'ana paipi ya kumbuyo, ikangodzuka olo pang'ono fupikitsani tcheni muyesenso. A komiti ndi ahedi akhalepo aone okha mmene amakolekera.