Phewa la amayi lija: mmene zikuyendera ku fizio

Mwezi watha ndinafunsa ngati makina a ultrasound ndi a magetsi angathandize phewa la amayi anga, lomwe linauma mpaka ankalephera kumanga mpango kumutu. Zikomo nonse amene munatilimbikitsa kuti tikaonane ndi a fizio.

Tapitako kasanu tsopano. Ultrasound yake si yojambula ngati ya amayi oyembekezera ayi. Amapaka jelo paphewa, n'kumayendetsa kamutu ka makinawo mozungulira kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo, osakaimika malo amodzi kuopa kuwotcha. A fizio anatifotokozera kuti mafunde a makinawo amawayeza mu MHz: 1 MHz imalowa mkati kwambiri, pomwe 3 MHz ndi ya minofu yapafupi ndi khungu. Amayi amangomva kufunda pang'ono basi.

Amene amayi ankawaopa kwambiri ndi makina a magetsi, a TENS. Asanawamate tizigamba take, a fizio anafunsa kaye ngati ali ndi pacemaker (kachipangizo koikidwa m'chifuwa kothandiza mtima kugunda bwino), ndipo anati kutsogolo kwa khosi saikako. Atayatsa, amayi anati akumva ngati nyerere zikuyenda pakhungu. Ululu umachepa ndithu, koma kwa maola ochepa.

Kwa ine, chimene chikuwathandiza kwambiri ndi zolimbitsa thupi zakunyumba, makamaka kukwawitsa zala pakhoma m'mawa ndi madzulo. Dzulo anamanga mpango okha, ngakhale usiku akudandaulabe akagonera mbali imeneyo.