Mng'ono wanga ali ndi sickle cell koma kuchipatala akuti amangofuna jakisoni, ndilankhule nawo bwanji?

Nabanda wa ku Mtendere:

Abale, ndigawireni nzeru. Ndimasunga mng'ono wanga wa zaka 22 amene anabadwa ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Makolo ali ku Katete, ine ndinamutenga kuti adzaphunzire zosoka kuno ku Lusaka. Chisanu cha Juni ndi Julaye chikafika, kwathu tulo sitikhala nato. Sabata yatha ululu unamuyamba usiku, m'chiuno ndi m'miyendo monse. Tinachita zimene tinaphunzitsidwa: madzi ambiri, bulangete, nsalu yofunda pamalo powawa, Panadol. Sizinaphule kanthu. Aneba anatinyamula pa galimoto yawo kupita kuchipatala china cha boma, dzina sinditchula.

Vuto la mwanayu salira. Amayi anatilera kuti mkazi sakuwa pagulu, ndiye ululu ukakula amangoti zii, kuluma chitenje, maso ali tsinzi. Nesi atamuona anati, "Si uyu wakhala phee? Dikirani pabenchi." Tinadikira mpaka m'bandakucha. Atalephera kupirira anayamba kubuula, n'kutchula dzina la mankhwala amene anamuthandiza chaka chatha. Clinical officer anangoseka, amvekere, "Odwala odziwa mayina a mankhwalawa timawadziwa." Anamubaya jakisoni wa ululu wotchedwa diclofenac n'kutibweza. Madzulo ake tinabwereranso akupuma mobanika, ndipo m'pamene anamugoneka, dilipi ndi okosijeni.

Akakhala chete akuti sakumva kuwawa, akalankhula akuti anazolowera jakisoni. Ine ndimagulitsa salaula ku Soweto Market, kukangana ndi anthu ndimatha, koma kuchipatala malovu amauma poopa kuti ndikawapsetsa mtima amutayiratu. Inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA tili nayo, nkhani si ndalama. Munthu amalankhula bwanji kuti amveke?

Nesi wopuma pantchito, Chelstone:

Pepani mwanangu. Anzanga aja sindiwaikira kumbuyo, anakulakwirani. Koma ndikuuzeni za mkati kuti ulendo wina mudziwe pogwira.

Ululu wa sickle cell suoneka pa makina a BP, ndipo palibe kuyeza magazi kumene kumasonyeza kukula kwake. Maselo ofiira amapindika n'kuuma, amatseka timitsempha ting'onoting'ono, fupa n'kusowa mpweya. Muyeso wake ndi mawu a wodwala basi. Tonse tinaphunzira zimenezi kusukulu ya unesi, kungoti ena tikatopa timayamba kukhulupirira maso athu kuposa makutu.

Mukafika musamanene kuti "akudwala kwambiri". Aliyense pabenchi paja wanena zomwezo. Nenani motere: ali ndi sickle cell, ululu wayamba 22:00, uli m'chiuno ndi m'miyendo yonse iwiri, wamwa Panadol nthawi yakuti osasintha, pa muyeso wa 0 mpaka 10 akuti uli pa 9, sakutha kuima. Muonjezere kuti mwanayu ululu ukakula amakhala chete, kuti asadzamuweruze ndi nkhope. Ndipo pali zizindikiro zimene zimadzutsa nesi aliyense pampando: kuwawa pachifuwa, kubanika, thupi kutentha kufika 38, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka, m'maso kuyera kuposa masiku onse. Zikakhalapo muyambire pamenepo, koma musaname. Kubanika kuja kwa madzulo mwina inali imene timati acute chest syndrome, sickle cell ikagwira mapapo, ndipo imeneyo imapha. Munachita bwino kubwerera.

Za mankhwala. Kuyambira 1986 bungwe la WHO linaika makwerero a mankhwala a ululu, poyamba chifukwa cha odwala khansa: paracetamol ndi anzake pansi, codeine kapena tramadol pakati, morphine pamwamba. Ululu ukakhala waukulu sitiyenera kuchedwetsa munthu pa sitepe yoyamba. Koma morphine amakhala m'kabati yokiya, ali ndi buku lakelake losainira, kiyi amasunga sister in charge, ndipo pamafunika wolemba wovomerezeka. Usiku nesi mmodzi akamayang'anira wodi yonse, jakisoni wa diclofenac ndiye njira yachidule. Tsono diclofenac wobwerezabwereza amavulaza impso, pomwe impso za munthu wa sickle cell ndi zosalimba kale. Nthawi zinanso mankhwalawo amakhala atatha, koma m'malo monena zoona wina amasankha kunyoza wodwala.

Choncho musamalimbane ndi amene wakukanani. Funsani mwaulemu kuti, "Asisita, dokotala wa pa call ndani lero? Ndingaonane ndi sister in charge?" Kufunsa kumeneko si chipongwe, ndi ufulu wanu.

Warrior wa ku Matero:

Achemwali, ine matendawa ndakula nawo, pano ndili ndi banja. Mawu a clinical officer aja ndinawamva ndisanamere ndevu. Chimene chimandinyansa n'chakuti wodwala shuga akatchula insulin amati ndi wozindikira, ife tikatchula morphine akuti ndife zidakwa za mankhwala. Munthu amene wakhala akubayidwa kuyambira ali kumsana angalephere bwanji kudziwa chimene chimamuthandiza?

Chinandipulumutsa ine ndi kalata. Ndinapempha dokotala wa ku kiliniki yathu kuti alembe pepala limodzi: mtundu wa sickle cell yanga, Hb yanga (mlingo wa magazi) ya masiku onse, mankhwala amene amandigwira ululu ukabuka ndi mlingo wake, ndi amene sagwirizana nane. Ndimayenda ndi fotokope yake m'chikwama, chithunzi chake chili mu foni yanga ndi ya mkazi wanga. Ndikafika sinditchulanso dzina la mankhwala, ndimangopereka kalata. Mawu omwewo akachokera kwa dokotala mnzawo sawaseka. N'zopweteka kuti pepala limveke kuposa mwini thupi, koma usiku wa ululu si nthawi yofuna chilungamo.

Akafuna kukubwezani, nenani mofatsa kuti, "Chonde lembani mufayilo kuti wanena kuti ululu uli pa 9, ndi nthawi imene mwatibweza." Ambiri cholembera chimawalemera pamenepo, amayamba aganizanso.

Muuzenso mng'ono wanuyo kuti foni azisamala nayo pabenchi. Ine ndimamvetsera nyimbo kuti ndiiwale kuwawa, koma iwo akaona mahedifoni amati wachira. Funso langa, kodi amamwa folic acid yekha, kapena anamuyeza ngati angayambe hydroxyurea? Kwa ambiri mankhwala a hydroxyurea amachepetsa kubuka kwa ululu, ngakhale amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka, kuli madokotala a matenda a magazi, pemphani kalata yokutumizani kumeneko.

Bambo a Chikondi, Kanyama:

Inu mukuchulutsa ulemu. Anthu awa amaopa Facebook basi. Kutulutsa foni, kujambula vidiyo, mawa lake nduna yafika pachipatala. Amayi anga anamwalira ndi ululu wa m'mimba akuuzidwa kuti ndi gasi chabe. Ine ulemu wa kuchipatala unandithera tsiku lomwelo.

Nesi wopuma pantchito, Chelstone:

Bambo a Chikondi, pepani ndi maliro a amayi, mkwiyo wanu ndaumva. Koma vidiyo imajambulanso odwala ena amene sanavomere, ena ali osavala, ndipo mukayamba kujambula onse amathamangira kwa inu ndi alonda, wodwala n'kutsala yekha. Komanso a Nabanda adzabwereranso pakhomo lomwelo mwezi wamawa.

Dandaulo lili ndi njira yake. Lembani tsiku, nthawi, dzina la pa baji ngati mwaliona, ndi mawu amene ananenedwa. Kalata ipite kwa Medical Superintendent, mkulu wa chipatalacho, inu musunge kope. Akapanda kuyankha, za clinical officer kapena dokotala zimapita ku Health Professions Council of Zambia, za nesi ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Amenewo ndi amene amagwira malayisensi athu, ndipo kalata yochokera kumeneko palibe amene amaitenga mwamasewera.

Nabanda wa ku Mtendere:

Zikomo nonse. Mwanayu akadali m'wodi koma okosijeni amuchotsa, lero wadyako phala. Amamwa folic acid yekha, za hydroxyurea sitinamvepo, ndikafunsa. Kalata ija ndapempha kwa dokotala amene amayendera odwala m'mawa, wati adzalemba tsiku lotuluka. Dandaulo ndilemba akatuluka, osati pano ali m'manja mwawo. Achimwene a ku Matero, kalatayo imafunika chidindo cha chipatala kapena siginecha yokha ikwanira?

Warrior wa ku Matero:

Chidindo, achemwali, ndi deti loonekera bwino. Yopanda chidindo adzati mwalemba nokha. Muchititse fotokope zingapo, yeniyeniyo isamachoke kunyumba.