Tithandizeni: ana a autism ndi kamvekedwe ka mawu

Aphunzitsi ndi makolo muno mu Lusaka, tithandizeni nzeru. Ana ambiri a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena) amasiyanitsa bwino nyimbo yachisoni ndi yachisangalalo, koma munthu akamalankhula amavutika kudziwa ngati wakwiya kapena wakondwa.

Njira yowaphunzitsira ndi iyi: kujambula pa foni mawu amodzimodzi, monga "bwera kuno", kanayi, mokondwa, mwachisoni, mokwiya ndi mwamantha, mwana n'kumaloza chithunzi cha nkhope yoyenera. Povuta ndi pa mkwiyo ndi mantha, chifukwa pa ziwiri zonsezi mawu amakwera n'kuthamanga. Ana amazisokoneza, ena amafika potseka makutu.

Kodi ndi bwino kuyamba ndi ziwiri zokha, foni italankhula motsitsa? Nanga m'kalasi momwe Chinyanja ndi Chibemba zimasakanikirana, tijambule m'chinenero chiti?