Thyolo alethe pa phiri la Mangochi: spika yakanika, titani?

Wa ku Monkey Bay: Akuluakulu, alendo anayi akufuna kuona mbalame yotchedwa Thyolo alethe mu Disembala muno. Vuto ndi lomweli: mukaliza kulira kwake pa spika imayankha m'katikati mwa nkhalango koma osatulukira. Komanso mumdima umene uja alendo amangoona masamba.

Wa ku Namwera: Achimwene, spika isiyeni m'chikwama, sakani linthumbu. Mbalameyi imatsata linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa kutsogolo kwake. Koma si linthumbu lililonse. Lija loyenda pamzere ngati msewu likungodutsa, palibe chodya. Mukufuna lomwazika pansi ponse, masamba ouma akuchita tswatswa, nkhululu ndi akangaude akudumpha. Mukalipeza imani chammbali chakutsogolo, mamita 8 kapena 10, mukhale duu mphindi 20. Yang'anani pansi ndi pa tinthambi tosapitirira m'chiuno. Choyamba kuoneka ndi kukhosi koyera mbee, msana wofiirira umasokonezeka ndi masamba.

Mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake ndiye mwayi. Muzikhala mutalowa m'nkhalango yobiriwira ya pamwamba isanakwane 7 koloko. M'miombo ya m'munsi simuipeza.

Wa ku Liwonde: Ndionjezere za spika. Nyengo ya mvula ndi yoswana. Mukaliza mobwerezabwereza imasiya chisa kudzalimbana ndi mdani woti kulibe, kenako imazolowera n'kusiya kuyankha, gulu lobwera pambuyo panu n'kugwa nayo. Zikavutitsitsa, masekondi 30 basi, ndiye chete mphindi 5.

Wa ku Monkey Bay: Nanga zamdimazi, achemwali?

Wa ku Liwonde: Funsani manambala a ma binoculars a alendowo asananyamuke. Gawani nambala yachiwiri ndi yoyamba: 8x42 ipereka 5.25, pamene 10x25 ipereka 2.5; yankho likakula, ndiye kuti amaonetsa bwino mumdima. 10x25 ndi yoonera nkhwazi kunyanja dzuwa lili phwee, m'nkhalango imada. Ndipo asawagoneke m'chipinda cha air con. Galasi lozizira likakumana ndi chinyezi limachita nthunzi, mbalame n'kudutsa iwo akupukuta. Ma binocularswo agone m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel (timibulu toyamwa chinyezi), pamalo posazizira.

Wa ku Namwera: Thalauza alowetse m'sokosi, nsapato zikhale zotseka. Mlendo mmodzi akangolumidwa n'kuyamba kudumphadumpha, zonse zathera pomwepo. Muikeni mnyamata wanu aziyang'ana mapazi a alendo, chifukwa linthumbu limakhota mosayembekezeka. Chilolezo cha a Forestry mukatengeretu dzulo lake, 5 koloko m'mawa ofesi imakhala yotseka.