Mwana akuwerenga bwino Chisipanishi koma mayeso a Chingerezi akumugwetsa, vuto ndi mutu kapena chilankhulo?

Nangozo_TX:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirako ntchito ndi ana olankhula Chisipanishi kuno ku America. Ine ndimathandizira aphunzitsi mu giredi 2 pa sukulu ina yaing'ono kuno ku Texas, ndangoyamba kumene. Tili ndi kamtsikana kena makolo ake anachokera ku Honduras, kanafika chaka chatha. Mayeso aja a DIBELS oti mwana awerenge kwa mphindi imodzi ife tikuwerengera mawu, iye nthawi zonse amagwera pofiira, kutanthauza gulu la otsalira kwambiri. Dzulo ndatsegula kope lake ndapeza house walemba jaus, make walemba meik, school walemba eskul. Aphunzitsi a kalasi akuti mwina tim'tumize akamuyeze ngati ali ndi dyslexia, vuto lija lopangitsa mwana kuvutika kuwerenga ndi kulemba mawu. Koma inetu ndinam'peza tsiku lina akudikira basi akuwerengera mlongo wake wamng'ono kabuku ka Chisipanishi osadodoma olo pang'ono, mpaka kumasintha mawu ngati ali pa sewero. Nde mwana wavuto angawerenge choncho? Ine ndine wothandizira chabe mawu anga salemera, ndikufuna ndikalankhule ndili ndi mfundo.

Aphunzitsi_aJere:
Achemwali, jaus ameneyo musungeni bwino, ndi umboni wanu. Ine ndaphunzitsa makalasi a zilankhulo ziwiri zaka zambiri ndithu ndipo kope ngati limenelo ndikaliona ndimasangalala. Mu Chisipanishi lembo la j ndi limene limamveka ngati h wa Chingerezi, pomwe h weniweniyo satchulidwa nkomwe, nde mwanayo wamva liwu loyamba la house bwinobwino n'kulilemba ndi lembo lomwe iye akudziwa. Meik chimodzimodzi, tchulani make pang'onopang'ono mumva e kenako i. Ndipo eskul uja nchifukwa choti mu Chisipanishi mulibe mawu oyamba ndi s motsatana ndi lembo lopanda liwu, amayamba ndi e, monga escuela, estar. Mwachidule mwanayo wamva liwu lililonse, wawaika mu ndondomeko yake, sanadumphe ngakhale limodzi. Wangogwiritsa ntchito malamulo a chilankhulo china basi.

Musaiwale kuti Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu okha, a e i o u, ndipo lililonse limamveka momwe lalembedwera, ngati mmene zilili m'Chichewa. Ana amaphunzira ndi maphatikizo, ma me mi mo mu. Ndiye mumutenge mwana wozolowera zimenezo mumupatse cat, make ndi ball, a yemweyo akumveka mitundu itatu, abale nanunso mukanati akukunamizani.

Sindikunena kuti dyslexia palibe ayi, sindinamuone mwanayo. Koma vuto limeneli silisankha chilankhulo, ngati lilipo lioneka ku Chisipanishi komwe, kungoti kumeneko limaonekera kwambiri pa kuchedwa kuwerenga osati kulakwitsa mawu. Nde pemphani amuyese ndi mbali ya Chisipanishiyo. DIBELS yemweyo ali ndi mnzake wa Chisipanishi dzina lake IDEL. Komanso lamulo la IDEA, lomwe ndi la boma la America lokhudza maphunziro a ana olumala, limanena kuti mwana akamayezedwa za maphunziro apadera ayezedwe m'chilankhulo chimene chingaonetse bwino zomwe akudziwa. Kumuyeza Chingerezi chokha mukhala mukuyeza Chingerezi chake, osati kuwerenga kwake.

BamboWaAtatu:
Ine pepani ndikuona mosiyana pang'ono. Zonsezi za zilankhulo ziwiri sizingochedwetsa ana? Wanga woyamba anangoponyedwa m'kalasi ya Chingerezi chokhachokha, miyezi sikisi anali akulongolola kuposa ine. Mwana ali ku America, ntchito adzafunsira Chingerezi, koleji Chingerezi, bwanji osangomumiza momwemo azolowere. Chisipanishi azilankhula kunyumba ndi mayi ake.

Aphunzitsi_aJere:
Achimwene kulongolola ndi kuwerenga buku la sayansi ndi zinthu ziwiri. Jim Cummins wa ku Canada anazisiyanitsa kalekale, Chingerezi chocheza pa bwalo la masewera mwana amachigwira pa zaka ngati ziwiri, koma cha m'mabuku ndi mayeso chimatenga zaka 5 mpaka 7 kuti afanane ndi anzake obadwira m'chilankhulocho. Apa mpamene aphunzitsi ambiri amapusitsika, amamva mwana akucheza bwino n'kuganiza kuti wamaliza, akalephera mayeso amati ndi waulesi kapena mutu sukuyenda.

Ndipo maganizo anuwo anayesedwapo kale. Ku California mu 1998 anthu anavotera Proposition 227 yomwe inatseka makalasi ambiri a zilankhulo ziwiri, Arizona inatsatira mu 2000, Massachusetts mu 2002. Koma California yomweyo mu 2016 inavotanso Proposition 58 n'kumasula, Massachusetts nayo inasintha lamulo mu 2017. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi. Mwana amene akudziwa kale kuti malembo amaimira maliwu, kuti nkhani ili ndi chiyambi ndi mathero, sayambiranso pa ziro, amasamuka nazo. Kuphatikiza apo mawu ambiri a m'mabuku amafanana, animal ndi animal, familia ndi family, información ndi information. Kungosamala ndi ena onyenga, éxito si khomo lotulukira ngati exit wa Chingerezi, ndi kupambana kkkk.

MaiChisale:
Kuwonjezera pang'ono poti muli ku Texas. Kumeneko lamulo limati district ikakhala ndi ana 20 kapena kuposa a chilankhulo chimodzi mu giredi imodzi omwe akuphunzira kumene Chingerezi, iyenera kukhala ndi pulogalamu ya zilankhulo ziwiri ku pulayimale. Mwina kwanuko sakukwana nchifukwa chake ali m'kalasi ya Chingerezi. Komanso chaka chamawa akalowa giredi 3 ayamba STAAR, mayeso a boma la Texas, ndipo STAAR ilipo ya Chisipanishi kuyambira giredi 3 mpaka 5, komiti yoona za chilankhulo pa sukulupo ndi imene imasankha kuti alembe iti. Osasokoneza ndi TELPAS, ija imangoyeza kuti Chingerezi chafika pati. Funsani kuti mu komitiyo muli ndani, nthawi zina zinthu zimangosainidwa popanda woti anamumvapo mwanayo akuwerenga.

Chinanso, mukamayesa mawu amene akudziwa muziphatikiza zilankhulo zonse. Ana amenewa mawu a kunyumba amawadziwa m'Chisipanishi, a kusukulu m'Chingerezi, ukawerenga mbali imodzi yokha amaoneka ngati ali ndi theka.

Nangozo_TX:
Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso. Ndinatenga kope lija n'kukawaonetsa aphunzitsi a kalasi momwe aJere munafotokozera, lembo ndi lembo, anangoti kukamwa yasa, akuti iwo ankaona ngati mwanayo akungolemba zilizonse. Tinapempha mphunzitsi wina wa giredi 4 amene amalankhula Chisipanishi kuti akhale naye mphindi zochepa. Wawerenga ndime yonse bwinobwino n'kufotokozanso nkhaniyo ndi mawu ake. Polemba anasokoneza b ndi v, komanso anaiwala h mu hermano, koma aphunzitsiwo akuti zimenezo ana a msinkhu wake amachita kawirikawiri poti b ndi v amamveka chimodzimodzi. Za MaiChisale zija ndinaziyesanso ndi zithunzi, tsache anati escoba, pilo anati almohada, Chingerezi chake sakudziwa, koma stapler ndi recess akudziwa Chingerezi chokha.

Zokamuyeza zija aziimika kaye mpaka ayesedwe mwadongosolo m'Chisipanishi. Koma pabuka ina. Mayi ake atabwera kudzamutenga anauza mphunzitsi uja kuti mabuku a Chisipanishi anawabisa kunyumba mwezi watha, ati wina anawauza kuti ndi amene akumusokoneza mwanayo. Kabuku kamene ndinamuona nako pa basi kaja anachita kuba m'kabati. AJere, mumawauza bwanji makolo otere osaoneka ngati mukuwadzudzula? Tikumana nawo Lachinayi.