Mapu akale a Bergamo afika pa shopu, girini akudya pepala, ndipange bwanji?

Kondwani (Limbe): Akuluakulu a mafelemu moni nonse, ndithandizeni nzeru pano. Dzulo kunabwera abambo mfumu ena achikulire, azungu a ku Italy akhalitsa kuno aja, Chichewa chake kuposa ife, atanyamula mapu mu felemu yakale, galasi linasweka itagwa pa khoma. Akuti anapatsidwa ndi akwawo pobwera kuno kalekale. Palembedwa Territorio di Bergamo, chojambulacho ndi 38 kwa 50 cm, mitundu ikuoneka kuti anapaka pamanja, pinki, yelo ndi girini m'malire. Vuto ndi ili: kumbuyo anaika hadibodi ndiye pepala lonse lachita bulauni, pamwamba anamata ndi Sellotape malo atatu, pakati pali mzere wopindira, ndipo pomwe padutsa girini pepala lauma gwa moti malo awiri layamba kung'ambika lokha motsata mzerewo. Eni ake akuti ndiwayeretsere, pepala liwongoke bwinobwino, ndiike felemu yatsopano. Ndati ndifunse kaye ndisanagwire kanthu.

Yamikani (Area 25): Amwene zosavuta izo, thonje ndi timadzi ta Jik pang'onopang'ono bulauni yense achoka, kenako mumate pa bolodi ndi Ponal mutsendereze usiku umodzi. Masatifiketi akale ine ndimapanga choncho amatuluka nyuwani.

Mayi Nachisale (Cape Town): Iii Yamikani mwana wanga ayi, satifiketi ya MSCE ndi zina, izi ndi zina. A Kondwani chonde musaike dontho la madzi ngakhale limodzi, Jik ndiye musamutchule n'komwe. Tidziwe kaye ngati ndi enieni kapena ndi kope ya pa makina, chifukwa makope ndi ambirimbiri amagulitsa kwa alendo. Chotsani hadibodiyo mosamala, tengani pepalalo ndi manja awiri pa katoni yoyera, muwalitse tochi ya foni kuchokera kunsi mutiuze mukuona chiyani mkati mwa pepala. Kenako muyendetse chala pang'ono m'mbali mwa chojambulacho, komanso mutembenuze muone kumbuyo.

Kondwani (Limbe): Ndapanga mayi. Pa tochi pakuoneka timizere tating'ono tothithikana, ndiye pali ina ikuluikulu yodutsa motalikirana mwina 2 ndi hafu cm. Mbali imodzi pali ngati kachizindikiro mkati mwa pepala koma sikakuoneka bwino. M'mbali muli kampanipani ngati panadinda chinthu cholemera, chala chikumva. Kumbuyo kuli zolembalemba masamba awiri, abambo mfumu akuti ndi Chilatini, ndipo pakati pamatidwa kachidutswa ka pepala kotalika motsata popindira paja. Chinanso, girini yense wa kutsogolo akuonekera kumbuyo koma ali bulauni.

Gift (Leeds): Achimwene mwagwira chinthu chenicheni pamenepo. Ndimagwira kwa ogulitsa mapu ndi zithunzi zakale kuno, izi zimadutsa m'manja mwanga daily. Timizere mwaonato ndi ta pepala lopanga pamanja kuchokera ku sanza za nsalu, ndi chidindo cha sefa ya mawaya yomwe amatungira. Kampanipani ndi pomwe mbale ya kopa (mkuwa) inadinda, chifukwa mapu amenewa ankazokota pa kopa, kupaka inki, n'kukanikiza pa pepala lonyowa, mitundu ankapaka pambuyo ndi burashi tsamba lililonse palokha. Kachidutswa ka pakati ndi pomwe tsambalo linasokeredwa m'buku, ndiye kuti linachotsedwa mu atilasi (buku la mapu), musakachotse kachidutswako. Mapu a dzina limeneli anatuluka ku Amsterdam kwa a Blaeu osindikiza mapu, buku lawo la Italy linayamba mu 1640 kenako Atlas Maior kuyambira 1662, komanso wopikisana nawo Janssonius anali ndi ake ofanana kwambiri. Onsewa ankakopera kwa Giovanni Antonio Magini wa ku Bologna, yemwe atilasi yake ya Italia anaitulutsa ndi mwana wake mu 1620 iye atamwalira kale mu 1617. Kuti ndi wa Blaeu kapena Janssonius ndidziwa mukanditumizira zithunzi za makona onse ndi kumbuyo, koma kuti ndi wa m'ma 1600 ine ndilibe chikaiko.

Yamikani (Area 25): Eee 1600 yeniyeni?? ndiye Jik wanga ndabweza kkkk. Koma girini akuonekera kumbuyoyo si umboni woti anapaka ndi makoki posachedwa?

Gift (Leeds): Ayi aise, n'zosemphana. Girini wa nthawi imeneyo ankapanga kuchokera ku kopa ndi viniga, dzina lake verdigris. Pakapita zaka zambiri kopayo amalowerera, kusanduka bulauni, n'kumadya pepala mpaka lithetheke. Ogula mapu kuno chinthu choyamba amatembenuza tsamba kufuna bulauni ameneyu, chifukwa mapu ambiri anatuluka akuda ndi oyera, anthu n'kudzapaka mitundu zaka zaposachedwa kuti mtengo ukwere. Girini watsopano kumbuyo saonekera. Ndiye chomwe a Kondwani akudandaula nachocho ndiye chikalata chake cha mapuwa, kungoti ndi pomweponso pali pofooka.

Mayi Nachisale (Cape Town): Ndi chifukwa chake ndakaniza madzi. Mukanyowetsa, kopa uja amasungunuka n'kuyenda ndi madziwo kupita pomwe panali pabwino, ndiye matenda aja mwawafalitsa pepala lonse, lero zioneka bwino koma pakatha zaka zochepa muona mabanga. Pinki ndi yelo nawonso ndi utoto wa madzi womangidwa ndi utomoni, uthawa. Bulauni wa hadibodi msiyeni, asidi wa thabwa analowa kale, inu ntchito yanu n'kuletsa kuti asapitirire basi. Fumbi chotsani ndi burashi yofewa yopakira zodzoladzola yatsopano, pa girini osadutsapo.

A Banda omanga mabuku (Zomba): Ndawerenga zonse ana anga. Ine za ku Italy sindilowererapo koma pepala lakale ndakalamba nalo. Za Sellotape: ngati wauma kale, kapulasitiki kake kamangosendeka kokha ndi nsonga ya mpeni wosathwa. Ngati akadamata, muuzireni mpweya wofunda wa dulaya patali ndithu, mukweze pang'onopang'ono chogonetsa, osakokera m'mwamba. Banga la chikasu lotsalalo lisiyeni, parafini kapena thinazi musayese. Poti lili m'mphepete mopanda chojambula, mauntibodi (bolodi yozungulira chojambula mu felemu) idzalibisa. Ndipo musadule m'mphepetemo kuti mukwanitse felemu, felemu ndiyo itsate pepala.

Kondwani (Limbe): Zikomo akulu, tepi wasendeka yekha malo awiri, pachitatu ndigwiritsa dulaya ya madam. Koma nanga kuwongola? Pepalali lili ndi mafunde ndipo pakati patukuka, abambo mfumu anenetsa kuti akufuna lifulatike. Popanda kumata ligwira bwanji mu felemu?

Mayi Nachisale (Cape Town): Auzeni mwaulemu kuti pepala lopanga pamanja silikhala fulati ndipo mukalikakamiza ling'ambikira pa girini pomwepo. Mafunde achepa okha mukaligoneka pakati pa mapepala oyera omwa madzi, pamwamba galasi lochindikala, sabata imodzi kapena ziwiri, louma choncho, ayironi ayi. Kugwiritsa kwake timachita kupachika osati kumata. Mumang'amba tizidutswa ta pepala la ku Japan lopyapyala lija, kung'amba osati kudula kuti m'mphepete mukhale ubweya, tiwiri kapena titatu poti tsambali ndi lalikulu. Theka mumamata kumbuyo kwa mapu m'mphepete mwa pamwamba mokha, kungolowa 5 mm, theka linalo pa bolodi ya kumbuyo n'kupingasa kena pamwamba pake ngati T. M'mbali ndi kunsi osamata, pepala lizipuma lokha nyengo ikamasintha. Wina akadzafuna kuchotsa patsogolo angonyowetsa kachidutswako basi mapu osakhudzidwa. Bolodi ikhale ya thonje yopanda asidi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo windo la mauntibodi likhale lochindikala kuti galasi lisakhudze utoto. Dulani windolo motayako pang'ono kuti kampanipani kaja kazioneka.

A Banda omanga mabuku (Zomba): Guluu wake phikani nokha. Kandani ufa wa tirigu ukhale mtanda, muusiye kanthawi, kenako muziufinya m'beseni la madzi mpaka madzi ayere mbuu m'manja mutsale chonanda chija, chimenecho tayani. Madziwo adikhe, choyera chotsalira pansi ndiye sitachi. Supuni imodzi ku masupuni 5 a madzi oyera, moto wochepa, kutakasa osaleka mpaka chisinthe chikhale chowala ngati phala la mwana lapsa. Chizizire, musefe pa kansalu. Pakani pang'ono kwambiri, kachidutswako kaume kaye pang'ono musanakaike, mutsendereze ndi pepala lomwa madzi ndi kanthu kolemera. Masiku atatu akatha phikani wina, amasasa.

Yamikani (Area 25): Nanga pong'ambika paja osangopakapo guluu yemweyo kumbuyo?

Mayi Nachisale (Cape Town): Pamenepo ayi, sitachi ali ndi madzi ndipo apo ndi pa kopa penipeni. Odziwa amagwiritsa kapepala kopakidwa kale guluu wotchedwa Klucel G yemwe amafewa ndi ethanol, madzi osafikapo. Ndikhoza kukukonzerani tizidutswa pang'ono kuno, inu mukapeze ethanol woyera ku famase, osati sipiriti wa pepo uja adetsa. Koma ngati dzanja likunjenjemera ingosiyani, bolodi ya kumbuyo ikhala ikuchirikiza, bola osapinda, osakulunga, ponyamula chogoneka nthawi zonse.

Yamikani (Area 25): Funso la pambali, pa chithunzi mwatumizacho ndikuona girini akutsata mtsinje mbali imodzi, ndi malire a chiyani poti dziko ndi limodzi?

Gift (Leeds): Nthawi imeneyo kunalibe dziko limodzi la Italy, linadzapangidwa mu 1861, Venice n'kulowa mu 1866, Rome mu 1870. Kunali maufumu ambiri, Papa anali ndi dziko lake pakati, Naples kummwera, Tuscany, Genoa, Savoy, aliyense ndi ndalama yake ndi asilikali ake, n'chifukwa chake ma atilasi aja chigawo chilichonse chili ndi tsamba lake. Bergamo inali pansi pa Venice kuyambira 1428 mpaka 1797 pomwe Napoleon anathetsa boma la Venice. Mtsinje mukuuonawo ndi Adda, tsidya lina ndi Milan yomwe nthawi ya mapuwa inkalamulidwa ndi Spain, ndiye anali malire enieni a mayiko awiri osakhulupirirana. Ndi chifukwa chake a Venice anamanga linga lalikulu kuzungulira mzinda wa pamwamba wa Bergamo kuyambira 1561, lilipo mpaka lero, UNESCO inaliika pa mndandanda wake mu 2017. Mbali inayo muona nyanja ya Iseo ndi mtsinje wa Oglio, pakati mitsinje ya Brembo ndi Serio. Ndipo sizodabwitsa kuti mapuwa apezeka kwathu, ansembe a Montfort ambiri a ku Balaka ndi Mangochi kwawo n'komweko.

Kondwani (Limbe): Ndawaimbira abambo mfumu ndawafotokozera zonse, poyamba anakhumudwa kuti bulauni sachoka koma nditawauza za girini uja aseka akuti ndiye musakhudze. Avomera kudikira. Vuto latsala ndi bolodi ya thonje ndi galasi lotchinga dzuwa, muno m'tauni ndazungulira sindinapeze.

Mayi Nachisale (Cape Town): Bolodi ziwiri, pepala la ku Japan ndi tizidutswa tija ndipatsira mchemwali wanga ku Joburg akweze basi ya Lachisanu, ndidula 60 kwa 75 kuti zisapindike m'njira. Galasi la UV pa basi ndi chiswe-chiswe, funsani la pulasitiki lake kapena ikani wamba koma apachike khoma la mkati lopanda dzuwa, kutali ndi windo ndi bafa. Kumbuyo kwa felemu matani ndi tepi wa pepala kuti tizilombo todya mabuku tisalowe, ndipo m'makona a kunsi muike tinthu totukula felemu pang'ono pa khoma kuti mpweya uzidutsa nthawi ya dzinja. Galasi losweka lija mwasesa bwino? Kachidutswa kamodzi kotsalira kakanda utoto.

Kondwani (Limbe): Ndasesa mayi, mapu agona pakati pa mapepala mu dirowa ya pansi ndakhoma. A Gift zithunzi za makona ndi kumbuyo ndatumiza ku inbox. A Banda ufa ndagula, ndiyeserera kaye pa kalendala yakale. Mtengo wa bolodi mundiuze nditumize lero.