Situdiyo ili pamwamba, anthu akungodutsa pansi

Wapamwamba:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Uno ndi mwezi wachitatu chisamutsireni situdiyo yanga yojambula zithunzi m'chipinda chapamwamba cha nyumba yosanja, ndipo malonda afa. Lendi ndi yotsikirako, kuwala kwa pawindo n'kwabwino zedi, koma pansi pali shopu ya mafoni ndi ya nsapato, ine langa ndi kakhomo kopita ku masitepe basi. Eni nyumba akukana chikwangwani chachikulu, ati chiwawonongera penti. Dzulo tsiku lonse ndajambula anthu awiri, onse za pasipoti. Pa Facebook ndimaika, anthu amayamikira, koma okwera masitepe kulibe.

Mdala wa Filimu:
Achimwene, vuto lanulo linabadwa limodzi ndi ntchito yathuyi. Masitudiyo oyambirira pafupifupi onse anali pamwamba, chifukwa nyali yawo inali dzuwa lolowera padenga lagalasi. Richard Beard atatsegula yake ku London m'mwezi wa March 1841, anaiika padenga penipeni pa Royal Polytechnic Institution, mumsewu wa Regent Street. Ku New York nakonso anthu ankakwera masitepe angapo kuti akajambulidwe. Ndiye ankawakweza bwanji? Bokosi lagalasi pakhomo lapansi, mmene munali zithunzi zawo zabwino kwambiri. Wodutsa amaima, amasuzumira, kenako amadzifunsa kuti ine ndingaoneke bwanji. Eni nyumbawo akana chikwangwani, koma kabokosi kopachika m'mawa n'kuchotsa madzulo mwawafunsa?

Wapamwamba:
Sindinawafunse madala. Koma ndiikemo ndani? Zambiri ndili nazo n'za maukwati a anthu.

Mdala wa Filimu:
Funso lake ndi limenelo. Mathew Brady, amene anatsegula yake mumsewu wa Broadway ku New York mu 1844, ankasakasaka anthu otchuka, andale, akuluakulu a asilikali ndi azisudzo, n'kupachika nkhope zawo m'chipinda chodikiriramo. Anthu ankabwera kudzangoona, ena n'kutuluka atajambulitsa. Ndi iye anajambula Abraham Lincoln mu February 1860, asanakhale pulezidenti wa America. Ku England, John Mayall atatulutsa zithunzi zing'onozing'ono za Mfumukazi Victoria ndi banja lake chaka chomwecho, aliyense anafuna kukhala ndi chake chamtundu womwewo. Inu simukusowa mfumukazi. Muitaneni goloboyi wa timu ya m'dera lanulo, mayi wotsogolera kwaya, kapena wakabaza amene aliyense amamudziwa pasiteji. Ajambuleni ulele, muwapatse chimodzi chachikulu.

Nachisale Photos:
Ndikuvomereza, koma pa maukwati ndikuchenjezeni achimwene. Ine ndinapachika chithunzi cha chinkhoswe pawindo osapempha, osadziwa kuti banjalo linatha kalekale. Mayiyo anabwera ndi azichemwali ake awiri, ndipo msika wonse unamva dzina langa tsiku limenelo. Pano aliyense amasaina kapepala kovomera. China, dzuwa. Zosindikiza ndi inki wamba zimasuluka msanga zikakhala pagalasi, nkhope n'kusanduka zobiriwira ngati munthu wodwala. Bokosilo likhale mbali ya mthunzi ndipo muzisintha sabata ziwiri zilizonse.

Kamera Yakale:
Ine ndibwere ndi ina. Kunyumba ndili ndi timakadi tiwiri takale tija amati carte de visite, ndinatigula pa intaneti. Kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, pafupifupi masentimita 6 m'lifupi ndi 10 m'litali, kachithunzi komata pakatoni kolimba. Disdéri wa ku Paris ndiye analembetsa njirayi mu 1854, yojambula zithunzi zingapo, mpaka 8, pagalasi limodzi la m'kamera, mtengo n'kutsika. Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi kumbuyo kwake. Pa kamodzi pali dzina la situdiyo m'zilembo zopiringizika, nambala ya nyumba ndi msewu, timamendulo tiwiri tosonyeza kuti anapambana pa chionetsero, kenako pansi penipeni mawu akuti negetivu timasunga, mungathe kuitanitsa zina nthawi iliyonse. Pali ndi nambala yolemba pamanja yoti akaipezere. Anthu ankagula timakadi timeneti madazeni n'kumagawira abale ndi anzawo, ndiye kalikonse kamapita kukatsatsa malonda m'nyumba ya eni, kasitomala atalipira yekha. Ife lero tikupereka zithunzi kumbuyo kuli mbee.

Wapamwamba:
Mwandigwira pamenepo. Chidindo ndilibe. Ndimangolemba dzina pakona ndikamatumiza pa WhatsApp, iwo n'kudula.

Kamera Yakale:
Pakona adzadula mpaka kalekale. Kumbuyo kwa pepala sadula. Dinditsani chidindo chokhala ndi nambala ya foni ndi mawu osonyeza pamene muli, koma dikirani inki iume musanasanjikize, apo ayi idinda pankhope ya chithunzi chapansi. Ndipo zoti mumasunga mafayilo muzilembe. Pakagwa maliro anthu amasowa chithunzi chabwino cha malemu, amathamangira kwa amene anawalonjeza kuti amasunga.

Jnr Lens:
Mabwana, ndinawerenga kuti akalewo ankalemba m'manyuzipepala mawu akuti gwirani chithunzithunzi mwini wake asanazimirire. Bwanji osaika amenewo pabokosipo? Akugunda bwino m'Chichewa.

Nachisale Photos:
Iwe, usawaphetse achimwenewa! Kumeneko zinkayenda chifukwa ana ankamwalira kwambiri ndipo masitudiyo ena ankalengeza poyera kuti amapita kunyumba kukajambula odwala ngakhale omwalira. Kuno ukalemba zimenezo pakhomo anthu ati ukuwalosera imfa, agogo sadzapondako.

Mdala wa Filimu:
Mayi akunena zoona. M'malonda akalewo tengani zina, zija zoyankha mantha a kasitomala. Ankalemba kuti timajambula kaya kuli dzuwa kaya mitambo, chifukwa anthu ankaganiza kuti kukachita mitambo palibe chotuluka. Ankalangiza kuvala zakuda kapena zodera, osati zoyera, komanso kubwera ndi ana masana dzuwa lili pamutu, poti mwana sakanatha kukhala duu nthawi yaitali. Ngakhale akuluakulu ankawatsamiritsa mutu pachitsulo chobisika kumbuyo. Anthu anu lero akuopa chiyani? Mtengo, magetsi, ndi kudikira. Lembani mitengo poonekera, muonjezere kuti timajambula ngakhale magetsi atazima, poti mwati windo lanu ndi labwino.

Jnr Lens:
Nanga Nadar uja, wojambula wa ku Paris? Anaika siginecha yake yaikulu yofiira kutsogolo kwa nyumba yonse pa Boulevard des Capucines.

Mdala wa Filimu:
Ameneyo eni nyumba ake sanadandaule za penti, mwana wanga.

Wapamwamba:
Ndangotsika kumene kwa eni nyumba. Bokosi alola, bola lipachikidwe pa misomali iwiri yokha ndipo ndizilowetsa pofika 6 koloko. Kalipentala akuti Lachinayi likhala litatha, galasi ndigule ndekha. Wakabaza wavomera, ati abwera mawa atameta. Mayi Nachisale, nditumizireni kapepala kanu kovomera kaja ndikopereko, ndipo amene akudziwa wodinda zidindo wosachedwetsa andiuze kumbali.